Ndowa Zosavundikira ku Dambo la Nanjiwa

Ndinalota ndili kwathu ku Balaka m'mawa wa tsiku la ukwati wa mng'ono wanga Sungeni. Nyumba inali itadzaza azimayi, ena akusita, ena akukangana za amene wasowetsa chipeso, ndipo amayi anandituma kuchipinda kuti ndikatenge nsapato za mkwatibwi. Nditatsegula chitseko ndinapeza kuti m'chipindamo mulibe bedi, mulibe sutikesi, mulibenso nsapato. Munali dambo la Nanjiwa, lonse lathunthu, ndi mlulu wake wouma, ming'alu ya makande, ndi mapiri a Dzalanyama kumapeto kwake. Sindinadabwe. Ndinangolowa n'kutseka chitseko bwinobwino kuti fumbi lisawadetse anthu ovala zoyera.

Dambo limenelo ndimalidziwa kuposa chipinda changa. Ndimaphunzira za zamoyo kuyunivesite, ndipo chaka chino anandituma kukafufuza tinyama tokhala m'dambomo: achule, abuluzi, aswiswiri ndi tina tonse toyenda pansi. Kwathu amangoti Mwandida amawerenga achule, ndipo akatero amaseka mpaka kugwira nthiti. Kagwiridwe ka ntchitoyi n'kosavuta. Timazika mpanda wautali wa pulasitiki wakuda, wolekeza m'mawondo, kudula dambo pakati. M'mphepete mwa mpandawo timakwirira ndowa m'nthaka mpaka milomo yake ilingane ndi dothi. Kanyama kakamayenda kamagunda mpanda, kamautsatira kufunafuna podutsira, kenako kamagwera m'ndowa. M'mawa uliwonse umayendera ndowazo, kuyeza chimene chagweramo, n'kuchimasula chizipita. Lamulo lake ndi limodzi, ndipo amatiuza tsiku loyamba lenileni: ukamachoka kudambo, vundikira ndowa zonse. Ukazisiya pululu, dzuwa limawotcha zogweramo, linthumbu limadya zotsala, ndipo mvula ikagwa zonse zimamira.

Ine sindinavundikire. Ndisanamenso kuti ndinaiwala. Zivundikiro ndinazisanja ndekha pansi pa mtengo wa katope n'kutsindirapo mwala. Tsiku limene ndowa zili zotseka siliwerengedwa pa kafukufuku, ndiye aphunzitsi otiyang'anira akanaona mpatawo n'kudziwa kuti mwana wawo wokondedwa wathawa kudambo kupita kukavina. Kunja kunali kutauma gwa, m'ndowamo simunkagwera kanthu kupatula bongololo mmodzimmodzi. Ndinati ndipite, ndikamukwatitse mwanayu, ndibwerere, palibe angadziwe. M'malotomo ndinkazidziwa zonsezi, ndipo manyazi ankanditentha kumaso ngakhale panalibe wondiyang'ana.

Ndinali nditavala diresi lobiriwira la operekeza mkwatibwi ndi nsapato za gogoda, zimene zinkangolowa m'ming'alu. Nditayenda pang'ono ndinamva phokoso la mashini osokera. Bambo anga a Chimwaza, amene anamwalira ndili kusekondale, anali atakhala pakati pa mlulu akupalasa mashini awo a mapazi, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Moyo wawo wonse anali telala pakhonde la sitolo ku Balaka, ndipo chule sanamugwirepo ngakhale ndi ndodo. Ndinagwada chapatali.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

Anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi n'kuwabaya pakolala.

"Ndadzuka, kaya inu mayi?"

Ali moyo sananditchulepo kuti inu. Ankangoti iwe Mwandida, kawirikawiri mokuwa. Ulemu umenewu unandipweteka kuposa kukuwa kuja.

"Ndalandira ntchito yambiri," anatero. "Dambo lonse lili ndi ukwati lero. Mvula yoyamba ikamagwa achule onse amatsikira kuthamanda kukakwatirana. Zimenezi mukuzidziwa, si munapita kusukulu?"

"Ndikuzidziwa, bambo."

"Ndiye mpanda wanuwu mwauzika panjira ya kuukwati."

Anandionetsa nsalu ziwiri zimene zinali pamiyendo pawo. Ina inali yoyera yonyezimira, yosokera akwatibwi. Inayo inali bafuta, yokulungira maliro.

"Sindikudziwa yoti ndidule," anatero. "Miyeso muli nayo ndinu, poti munawayeza onse kuyambira pamphuno mpaka kumatako."

Zinali zoona. Miyesoyo ndinkaidziwa pamtima, wa chule aliyense amene anadutsapo m'manja mwanga, ndipo inayamba kukwera kukhosi kufuna kutuluka yokha. Ndinatseka pakamwa ndi dzanja.

"Yenderani ndowa zonse mvula isanatule katundu," anapitiriza. "Pa ndowa iliyonse mugwade, muodire, mutulutse amene ali m'katimo ndi dzanja lanu. Musathamange, mungapondenso ena."

Kenako analoza ndi mlomo kumapeto kwa dambo. Mvula inali itaima kumeneko. Anali mayi wamtali, mutu wake ukulingana ndi phiri, atavala chitenje chotuwa, atasenza beseni lalikulu lodzaza madzi mpaka pakamwa. Ankaima mosamala kwambiri, ndipo khosi lake linkanjenjemera.

"Ndikudikirani, mwana wa a Chimwaza," anatero mayiyo, mawu ake akumvekera chapansipansi m'nthaka. "Koma ndachokera kutali, ndipo nkhata yanga yatha. Anthu akonza kale mizere, nawonso akundidikira."

"Sindichedwa, mayi," ndinayankha.

Ndikunyamuka, bambo ananena osadzutsa mutu kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa." Mashini anayambanso kulira ngakhale pansi pa singano panalibe nsalu.

Pa ndowa yoyamba ndinagwada n'kunena kuti, "Odi!"

"Fikani."

Kunja inali ndowa wamba yabuluu, koma m'kati munali motakasuka ngati chipinda chochezera. Pakona panakhala swiswiri, kanyama konga mbewa ka mphuno yosongoka, kamene sikatha kupirira njala ngakhale kuyambira m'mawa kufika masana. Pambali pake panali mapiko awiri a chikumbu atasanjidwa bwino.

"Tinagwera muno awiri," anatero swiswiri, "ine ndi a Chikumbu. Tinacheza bwino ndithu. Anandiuza za kwawo ndi za ana awo. Dzuwa litafika pamutu ndinawadya. Ndifunse nawo, mayi, mlandu umenewu ndi wanga kapena ndi wanu?"

"Ndi wanga."

"Zikomo kwambiri. Unkandilemera."

Ndinapisa dzanja ndipo anakwera. M'manja anali wopepuka ngati khoko la mtedza, koma nditamutsitsa pa udzu, kulemera kwina kunatsalira m'mkono mwanga n'kukwera mpaka paphewa. Ndikuti ndidzuke, ndowayo inandiitana.

"Mayi, ine munandigula pamsika wa Mitundu pamodzi ndi anzanga. Amene munawasiya pamsika paja akutunga madzi pamjigo. Ine mwandiphunzitsa kumeza."

Ndinangoipukuta milomo ndi mpendero wa diresi n'kupitirira.

Chitseko chimene ndinalowera chija chinali chitaima chokha pakati pa dambo, popanda khoma. Kuseri kwake kunkamveka nthungululu ndi nyimbo, kenako mawu a amayi.

"Mwandida! Kodi nsapatozo ukuchita kusoka?"

"Ndikubwera, amayi!"

Ndinayenda ndowa ndi ndowa, kugwada, kuodira, kupisa dzanja. Mu ina munali buluzi amene anali atadula yekha mchira chifukwa cha mantha, ndipo anandipempha kuti ndimunyamulire mchirawo kuti asakafike kwawo wosavala. Mu ina munali bongololo atadzipinda, ndipo anakana kundilankhula. Aliyense amene ndinkamutulutsa ankandisiyira kulemera kwake, mpaka ndinayamba kuyenda chowerama ngati ndikulima. Mpanda umene ndinauzika ndekha ndinkaudziwa polekezera pake, koma tsopano ndikadzutsa mutu ndinkaona ukupitirirabe, ndowa zili ndondondo.

Pa ndowa ina ndinaodira koma panalibe woyankha. Ndinaodiranso. Munali linthumbu, lofiira, likuyenda m'mizere yake mwadongosolo, ndipo pakati panali timafupa ta kachule, toyera, titaikidwa monga mmene mwini wake anakhalira.

"Eni ake tawasamala kale," linatero linthumbu, lonse pamodzi. "Tinaona kuti palibe akubwera."

Ndinatola timafupato, linthumbu likundiluma mpaka m'zigongono, n'kutikulunga mumpendero wa diresi. Kumbuyo kwanga, kutali, ndinamva sizasi ya bambo ikudula nsalu. Sindinatembenuke, poti bafuta amalira mwa mtundu wake akamadulidwa, ndipo kulira kwakeko ndinkakudziwa kuyambira ndili mwana. Ndinalira ndikuyenda, misozi ikugwera m'ming'alu.

Mu ndowa yotsatira munali chule wamkazi wa mizere yachikasu kumsana, mimba itatupa ndi mazira. Nditaodira anakweza dzanja lake lakutsogolo. Chala chimodzi panalibe. Achule tikawagwira timawadula kachala kamodzi kuti tikadzawagwiranso tidzawazindikire, ndipo m'mabuku analemba kuti sizipweteka kwenikweni. Amene analemba zimenezo zala zake zinali zonse.

"Tinaonana kale, mayi," anatero chuleyo.

"Tinaonana."

"Za chala sindikufunsa. Zinapita zimenezo. Koma madzi ndikuwamva fungo, ali kuseri kwa mpanda wanuwu. Amuna anga akhala akuitana kuthamanda mpaka mawu awathera. Ndingapemphe kuti mundiwolotse?"

Ndinamunyamula ndi manja awiri, kumudutsitsa pamwamba pa mpanda, n'kumuika mbali ya kumadzi. Anandithokoza, kenako anati, "Anzanga ali m'mbuyomu."

Ndinatembenuka. Ming'alu yonse ya m'dambo inali ikutulutsa achule. Ankatuluka mwakachetechete, akudzisasa fumbi, n'kufola awiriawiri monga amachitira operekeza ukwati, aakulu kutsogolo, aang'ono kumbuyo. Onse ankalunjika kuthamanda. Akafika pampanda sankakangana nawo. Ankakhota mwaulemu, kuutsatira, n'kugwera mu ndowa zomwe zija ndinali nditangotulutsamo anzawo. Ndinkamva kugwa kwawo, phu, phu, phu, kuyambira ndowa yoyamba mpaka pamene ndinaima. Ndinazindikira kuti ntchito yonse ndagwirayi ndi kutungira madzi m'dengu.

Ndinagwira mpanda kuti ndiuzule. Sunagwedezeke. Ndinali nditauzika mwaluso, kukwirira m'munsi mwake ndi dothi n'kupondaponda kuti ngakhale nyerere isadutse, ndipo aphunzitsi atabwera kudzaona anandiyamikira pamaso pa anzanga. Ndinakoka mpaka zikhadabo zinathyoka, mpanda uli chiimire.

Ndinaiwala malangizo a bambo n'kuthamangira kumtengo wa katope kukatenga zivundikiro. Sindikudziwa amene ndinawaponda panjira, koma ndinamva zofewa pansi pa nsapato. Pansi pa mtengo ndinapeza mwala wokha.

"Zatengedwa," unatero mwalawo. "Anabwera azimayi a kuukwati. Akuti mapoto a mpunga alibe zovundikirira, ndipo izi zimangokhala."

Chitseko chija chinali chitatseguka pang'ono. Ndinasuzumira n'kuona kuseri kwa nyumba yathu, mapoto ali pamafuwa, aliwonse atavundikiridwa ndi chivundikiro chabuluu cha ndowa zanga. Ndinaitana azakhali anga amene ankasonkhezera moto, koma anangondikupizira dzanja akumwetulira, n'kundilozera kuti diresi langa lada.

Dontho limodzi linagwa patsogolo panga, lalikulu ngati dzira, n'kudzutsa kafumbi.

"Pepani," anatero mayi Mvula. "Latayika lokha."

Anali atasendera pafupi. Mthunzi wa beseni lake unali utaphimba theka la dambo, ndipo miyendo yake inkagwedera. Madzi ankayenderera m'mikono mwake n'kumadontha pazigongono.

"Kwatsala ndowa imodzi yokha imene sindinafikeko," ndinatero. "Ndipirireni, mayi."

Anangoluma mlomo.

Ndowa yomaliza inali kumene mpanda umathera, pafupi ndi chulu. Ndinagwada, kuodira, n'kusuzumira. Inali yakuya ngati chitsime, ndipo pansi penipeni panali finye. Finye ndi kachule kozungulira, ka miyendo yaifupi, ka nkhope yokwiya ngati munthu amene wadzutsidwa tulo tisanathe. Amakhala pansi pa nthaka chaka chonse n'kutuluka pa mvula yoyamba yokha. Ameneyu ndi amene ndinkamufuna chibwerere kudamboko, poti palibe mnzanga amene anamugwirapo. Ndinene zoona ngakhale zikundinyansa: nditamuona, choyamba ndinakondwa. Dzanja langa linapita lokha m'chiuno kufuna choyezera.

"Mwaswera bwanji kumwambako?" anafunsa finye.

"Taswera. Kaya inu?"

"Ife tili bwino, kungoti kwatentha. Ndinamva fungo la mvula ndiye ndinati ndituluke ndikaone. Ndikudziwitseni, mayi, kuti ine sinditha kudumpha, sindithanso kusambira. Anthu amati chule anadabwa m'madzi muli mwake. Ine m'madzi si mwanga."

Ndinagona chafufumimba n'kupisa mkono wonse mpaka phewa, koma sindinamufikire. Ndinavula nsapato za gogoda, kuziika pambali moyandikana, n'kulowetsa miyendo. Ndinatsetsereka nthawi yaitali. Nditafika pansi ndinapeza kuti finye ndi ine tikukwanamo bwino, ndipo munkanunkha pulasitiki wotentha ndi mkodzo wa tinyama tamantha. Ndinamunyamula n'kuyang'ana pokwerera. Khoma linali losalala mbali zonse. Ndinakumbukira kuti pamsika paja ndinkapisa dzanja mu ndowa iliyonse, kusisita m'kati, n'kukana zonse zokhakhala kuti chogweramo chisathe kukwera. Wogulitsa anandiseka kuti ndikusankha ndowa ngati ndikusankha mwamuna.

Kumwamba kunkaoneka kozungulira, kochepa ngati mbale. Kenako kunada.

"Ndatopa, mwana wa a Chimwaza," anatero mayi Mvula. "Mundikhululukire."

Ndinamva mawondo ake akugunda pansi, dambo lonse n'kugwedezeka. Anatula.

Madzi sanabwere ngati madontho. Analowera pamilomo ya ndowa mbali zonse, ofiira ndi dothi, ofunda, atatenga udzu ndi timitengo. Anafika m'mapazi, kenako m'mawondo. Timafupa tija tinamasuka mumpendero n'kuyamba kuyandama mondizungulira. Finye ndinamuika pamutu panga, pakati pa tsitsi limene anandiluka chifukwa cha ukwati, ndipo anagwira ndi timanja take. Achule ena ankagwabe kuchokera kumwamba, kundigwera pamapewa ndi pamsana, ndipo aliyense akandigwera ankati, "Pepani, mayi." Madzi anafika m'chiuno.

Pamilomo ya ndowa panaoneka nkhope ya bambo. Anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuitsitsa. Mtima unakhala pansi. Ndinatambasula dzanja kuti ndiigwire ndikwere.

"Musagwire," anatero. "Imani mowongoka."

Tepiyo inatsika kumsana kwanga, kuchokera pakhosi mpaka kuchidendene, kenako inazungulira mapewa, monga ankachitira pondisokera yunifolomu. Anaikokera kumwamba, kuiyang'ana pafupi ndi maso, n'kugwedeza mutu.

"Mwakula," anatero. "Nsalu ikhoza kuperewera."

Anachoka. Madzi anafika pachifuwa. Ndinakuwa, kuitana amayi, kuitana azakhali, kuitana ngakhale aphunzitsi amene ndinkawabisira aja, kuti abwere aone zonse bola atitulutse. Amene anabwera anali Sungeni. Anali atavala diresi lake loyera ndi velo, mvula ikumuzungulira osamunyowetsa, wokongola moti ndinamva chisoni kuti wadzagwada m'matope chifukwa cha ine. M'manja anali ndi chivundikiro chabuluu, chikufukabe nthunzi ya mpunga.

"Achemwali," anatero, "ndamva kuti munasiya ndowa zosavundikira, ndiye n'chifukwa chake mukuchedwa. Ndabwera kudzakuthandizani kuti tizipita kutchalitchi."

"Sungeni, usatseke! Muli anthu muno!"

"Inu mumatopa kwambiri ndi ntchito imeneyi," anatero mokoma mtima. "Lero mupumeko."

Anaika chivundikiro pamwamba. Ndinamumva akutsindira m'mphepete monse ndi zikhatho, mosamala, monga amachitira zinthu zake zonse, mpaka chinalira kuti chagwira. Munada bii. Mvula inkaomba pachivundikiro ngati ng'oma, madzi ali pachibwano, ndipo ndinaimirira ndi zala zakumapazi kuti mutu ukhale pamwamba. Mpweya unayamba kuchepa. Pamutu panga ndinkamva finye akupuma, kamimba kake kakukwera n'kutsika.

"Mukunjenjemera, mayi," anatero. "Musaope. Anzanga amene anagweramo kale anandiuza. Mwini ndowazi amabwera m'mawa uliwonse. Sanajombepo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, madzi n'kulowa.

Ndinadzidzimuka mutu uli pawindo la basi, khosi litauma. Tinali titaima pa Lizulu, ndipo ogulitsa ankamenya m'mbali mwa basi ndi zikhatho, akukweza mbatatesi ndi tomato m'mawindo. Linali Lachisanu masana, ukwati uli mawa lake. Pamiyendo panga panali chikwama cha diresi la mkwatibwi, limene ndinakalitenga kwa telala ku Lilongwe m'mawa womwewo nditachoka kudambo.

"Mumalankhula kutulo, mwana wanga," anatero mayi wachikulire amene ndinakhala naye mpando umodzi. "Mumangoti odi, odi. Ndinati kaya akuodira kwa yani."

Ndinatulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana kumene tachokera. Kuseri kwa mapiri a Dedza kunali mtambo wakuda bii, ukung'anima m'munsi, ndipo mphepo inkabwera ndi fungo la dothi lonyowa.

"Chizimalupsa chimenecho," anatero mayiyo mokondwa. "Chaka chino yafulumira."

Ndinaimirira, kupempha njira, n'kukapeza kondakitala pakhomo. Ndinamupatsa chikwamacho, ndinamuuza dzina la Sungeni ndi nambala yake, ndipo ndinamuchonderera kuti asachiike pansi pa matumba.

"Nanga inu, sisi? Si mumapita ku Balaka?"

"Nditsikira pompano."

Ndinaimba foni nditaima pakati pa madengu a kabichi. Sungeni anayankha akuseka, kumbuyo kwake kukumveka azimayi akuyeserera nyimbo.

"Achemwali, mwafika pati?"

"Pa Lizulu. Diresi lako lili ndi kondakitala, utume munthu akalilandire pa depoti. Ine ndikubwerera kudambo. Ndinasiya ndowa zosavundikira ndipo mvula yayamba. Kutchalitchi sindifika, mwina ndidzapeza madyerero."

Analeka kuseka.

"Chifukwa cha achule?"

"Eya."

"Mukafika n'kuti atamira kale."

"Mwina. Koma mawa kugweranso ena."

Nyimbo zija zinkamvekabe. Ndinamumva akutseka chitseko kuti azimayi asamve, ndipo atalankhulanso mawu ake anali aang'ono ngati a mwana amene ndinkamuperekeza kusukulu.

"Bambo kulibe. Ndiye inunso?"

Atatero anadula foni. Basi inaliza hutala n'kunyamuka ndi diresi lake. Ogulitsa anayamba kufunditsa katundu wawo ndi mapepala a pulasitiki, akuthamangira m'makhonde. Ine ndinawoloka msewu n'kuima poyera, dzanja lili m'mwamba, kuimika galimoto iliyonse yolowera ku Lilongwe. Mvula inandipeza ndisanakwere.